Sabuside ya odwala: ku Washington anaitsekera boma, kuno ilibe woilankhulira

Ukachoka ku Lilongwe pa msewu wa M12, usanafike pa boma la Mchinji, pali njira yopatukira ku Guilleme. Malowa anatenga dzina la Bishopu Mathurin Guillemé, wansembe wa ku France wa chipani cha White Fathers, amene anatsogolera mpingo wa Katolika kuno kuyambira 1911 mpaka 1934. Monga zilili pa mishoni zambiri zakale, pali tchalitchi, sukulu ndi chipatala. Chipatalacho, cha St Michael's, chili pansi pa bungwe la zipatala za mipingo la CHAM, ndipo aliyense wa m'midzi yozungulira amadziwa kuti kuchipatala cha mishoni sapitako chimanjamanja.

Amene anadwazikapo pa chipatala chotere akudziwa mmene m'mawa umayendera. Wodwala wabwera pa kabaza, kabuku ka kuchipatala kali m'pepala la pulasitiki kuopa mvula. Asanaonane ndi adokotala, womudwazika wayamba kale kumasula mfundo ya pansonga ya chitenje. Alipira yoonana ndi adokotala, alipira yoyezetsa magazi, kenako aima pa zenera la mankhwala n'kumawerenga zotsala. Zikapanda kukwana, mumamva mawu amene anamwino onse a kumishoni anawazolowera: "Asisitere, tipatseniko a masiku awiri kaye, enawo tidzatenga tikagulitsa soya." Koma soyayo akadali m'munda, chifukwa malungo amavuta kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi imene nkhokwe zapepuka ndipo ndalama yonse inathera ku feteleza. Wina akongola ku banki m'khonde, wina apita kwa akatapila, wina agulitsa mbuzi pa mtengo wolira.

Chipatala sichichita izi mwa nkhanza. Mankhwala chimagula, jenereta imafuna dizilo, ambulansi imafuna matayala. Boma limalipira malipiro a ogwira ntchito ambiri a m'zipatala za CHAM, koma zotsalazo chipatala chimayenera kudzipezera. Chovuta n'chakuti dziko lino limanena kuti chithandizo cha kuchipatala n'chaulere, ndipo m'zipatala za boma zakhala choncho kuyambira pamene tinalandira ufulu mu 1964. Amene anabadwira pafupi ndi chipatala cha boma salipira. Amene anabadwira pafupi ndi mishoni amalipira, ngakhale kuti onsewo amadula msonkho womwewo akagula sopo ndi mafuta ophikira. CHAM, imene inayamba mu 1966, ili ndi zipatala zoposa 170, zambiri kumidzi, ndipo imapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chonse cha zaumoyo m'dziko muno. Choncho anthu olipirawa si ochepa ayi.

Pofuna kuchepetsa tsankho limeneli, mu 2006 Unduna wa Zaumoyo unayamba kusainirana mapangano ndi zipatala za mishoni, amene a zaumoyo amangowatchula kuti ma SLA. Kayendetsedwe kake n'kosavuta kumva. Kumene kulibe chipatala cha boma pafupi, ofesi ya zaumoyo ya pa boma imagwirizana ndi chipatala cha mishoni kuti anthu ena, makamaka amayi oyembekezera ndi makanda, ndipo kwina ana osapitirira zaka zisanu, azithandizidwa osalipira. Chipatala chimalemba zonse zimene chagwiritsa ntchito, n'kutumiza bilu. Akuluakulu a pa boma amaiunika, ndipo ndalama imayenera kubwera. Mayi wa kumudzi sadziwa dzina la panganolo. Iye amangodziwa kuti sikelo ndi yaulere, kuchira n'kwaulere. Imeneyi ndiye inshuwalansi yake, ngakhale kuti sanasaine pepala lililonse.

Masiku 43 ku America

Pa 1 Okutobala 2025, masiku atatu Pulezidenti Peter Mutharika asanalumbiritsidwe kuno, boma la America linatseka ntchito zake zambiri. Kumeneko lamulo n'louma: aphungu akapanda kuvomereza ndalama pofika tsiku loyamba la chaka cha boma, nthambi za boma sizingagwiritse ntchito ndalama zimene sizinavomerezedwe. Ogwira ntchito m'boma mazanamazana a zikwi anauzidwa kuti akhale kunyumba, ena, monga oongolera ndege, anapitiriza kugwira ntchito osalandira malipiro. Maulendo a ndege anachepetsedwa. Thandizo la chakudya limene anthu pafupifupi 42 miliyoni amadalira linasokonekera. Zinatenga masiku 43, kuposa masiku 35 a m'chaka cha 2018 ndi 2019, ndipo boma la dzikolo linali lisanatsekedwepo nthawi yaitali chotere.

Gwero la mkangano linali sabuside ya inshuwalansi ya zaumoyo. Ku America kulibe zoti chipatala cha boma n'chaulere kwa aliyense. Ambiri amapeza inshuwalansi kuntchito, okalamba ndi osaukitsitsa ali ndi ndondomeko zawo za boma, koma alimi, eni timabizinesi ting'onoting'ono ndi odzilemba okha ntchito amagula okha. Lamulo la mu 2010 limene anthu amalitcha Obamacare linakhazikitsa msika wogulirapo inshuwalansiyo, boma n'kumathandizako pa mtengo. Mu 2021, nthawi ya Covid-19, boma la Joe Biden linawonjezera thandizolo, ndipo mu 2022 linatalikitsa nthawi yake mpaka kumapeto kwa 2025. Ogula pa msikawo anachuluka mpaka kufika pafupifupi 24 miliyoni. Bungwe lofufuza za umoyo la KFF linawerengera kuti thandizo lowonjezeralo likatha, zimene munthu amalipira pa chaka zidzakwera kuchoka pa madola 888 kufika pa 1,904, tikatenga pakatikati.

A chipani cha Democratic, motsogozedwa ndi Chuck Schumer ndi Hakeem Jeffries, anati sapereka mavoti awo pa ndalama zoyendetsera boma pokhapokha sabusideyo italikitsidwe. Anali ndi pogwira, chifukwa m'nyumba ya Senate nkhani yotere imafuna mavoti 60, pamene a Republican anali ndi mipando 53 yokha. A Republican, a John Thune ndi a Mike Johnson, anayankha kuti tsegulani boma kaye, za inshuwalansi tikambirana pambuyo. Mfundo zawo sizinali zopanda mutu: ankati thandizolo linali la nthawi ya mliri, ankati ndalama zake zimathera m'matumba a makampani a inshuwalansi, ndiponso kuti kulipitiriza mpaka kalekale kungadye madola pafupifupi 350 biliyoni pa zaka khumi. Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa opindula ndi sabusideyo amakhala m'zigawo zimene zinavotera Donald Trump, monga Florida ndi Texas.

Mapeto ake a Democratic sanapeze chimene ankafuna. Masenetala asanu ndi awiri a chipanicho ndi mmodzi woima payekha anagonja, boma linatsegulidwa pa 12 Novembala, ndipo iwo anangolonjezedwa kuti nkhaniyo idzavoteredwa. Voti inachitikadi pa 11 Disembala, koma mavoti sanakwane, ndipo thandizo lowonjezeralo linatha pa 31 Disembala. Palibe chosirira pa zimenezi. Anthu anavutika mwezi ndi theka, sabuside n'kutha ndithu. Koma taonani chimene chinachitika: dziko lonse linadziwa tsiku limene thandizo lidzathe, linadziwa mtengo wake, ndipo dzina la phungu aliyense ndi mmene anavotera zinalembedwa.

Ifenso tinatsala pang'ono

Amene anali ndi wailesi mu 2007 akukumbukira. Bingu wa Mutharika anali atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri n'kumutsatira. Mu Juni 2007 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko, lochotsa phungu wosintha chipani, n'lovomerezeka. A MCP ya John Tembo ndi a UDF ya Bakili Muluzi, amene anali ochuluka m'Nyumba ya Malamulo, anati bajeti ya nduna ya zachuma Goodall Gondwe idikire mpaka Sipikala Louis Chimango agwiritse ntchito gawolo. Chaka cha boma, chimene nthawi imeneyo chinkayamba pa 1 Julayi, chinayamba popanda bajeti. Malamulo athu ali ndi kapumidwe: Nyumba ya Malamulo ikhoza kuloleza boma kugwiritsa ntchito ndalama kwa miyezi yosapitirira inayi bajeti isanadutse. Ndiye maofesi sanatsekedwe ngati ku America, koma dziko linakhala pa mpanipani mpaka Seputembala. Chaka chotsatira sewero lomwelo linabwerezedwa.

Mkanganowo sunali wa odwala. Unali wa mipando. Ndipo chida chimene boma linagwiritsa ntchito pokopa anthu kuti akakamize otsutsa chinali makuponi a feteleza: bajeti ikachedwa, feteleza achedwa, mvula siidikira. Zinagwira ntchito, chifukwa sabuside ya feteleza ili ndi eni ake. Chisankho chilichonse chiyambire nthawi imeneyo, zipani zapikisana pa thumba la feteleza. Mu 2020 mtengo wa K4,495 pa thumba unali pakamwa pa mwana aliyense. Mlimi wa ku Mchinji akhoza kukuuzani mtengo wa kuponi wa chaka ndi chaka osaphonya. Mufunseni za ndalama zimene boma linaika pambali kuti mkazi wake achire ulere ku mishoni, ndipo mufunsenso phungu wake funso lomwelo. Ndikukayika ngati mungapeze yankho kwa onse awiri.

Sabuside ya odwala ikamatha kuno, sipakhala voti. Bilu ya Malichi siilipidwa, ya Epulo siilipidwa, ya Meyi akuti ikuunikidwa. Woyang'anira chipatala apita pa boma, amuuza kuti ndalama za mwezi uno zabwera zochepa kuchokera ku likulu, ndipo zimene zabwerazo zapita ku mafuta a ambulansi ndi chakudya cha odwala a pa chipatala chachikulu. Sikuti akunama. Ogulitsa mankhwala nawo ayamba kukana ngongole. Tsiku lina pa khomo la chipinda cha amayi pamatidwa pepala lodziwitsa kuti kuyambira tsiku lakutilakuti aliyense azilipira. Basi, yatha. Palibe nduna imene yalengeza, palibe wailesi imene yaulutsa.

Izi zinaoneka kwambiri pambuyo pa Cashgate. Kuba kwa ndalama za boma kutaululika mu 2013, maiko amene ankathandiza pafupifupi 40 peresenti ya bajeti anaimitsa thandizo lodzera m'thumba la boma. Ngongole za boma ku zipatala za CHAM zinaunjikana, malipiro a ogwira ntchito ankachedwa, ndipo zipatala zina zinaimitsa mapangano aja n'kuyambanso kulipiritsa. Chimene chinadzapulumutsa zinthu ndi thumba lapadera la Health Services Joint Fund, limene maiko a Britain, Norway ndi Germany anakhazikitsa kuti ndalama zawo zifike ku zaumoyo popanda kudzera ku akaunti yaikulu ya boma. Mwa zina, thumbali lakhala likulipira mabilu a ma SLA. Tiyamike, koma tisadzinamize: tanthauzo lake n'lakuti kuchira kwaulere kwa mayi wa kumudzi kwakhala kukudalira aphungu a ku London, Oslo ndi Berlin kuposa a ku Lilongwe.

Ndipo chaka cha 2025 chinatisonyeza mmene chingwe chotere chimadukira. Pa 20 Januwale, tsiku limene analowa m'boma, Trump anaimitsa thandizo lopita kunja, ndipo pofika pakati pa chaka bungwe la USAID linali litathetsedwa. Ogwira ntchito ambiri a m'mapulojekiti a HIV, a malungo ndi a uchembere wabwino kuno anangouzidwa kuti ntchito yaima. Pafupifupi theka la ndalama zonse zimene zimagwira ntchito pa zaumoyo m'Malawi zimachokera kunja. Mu 2001 ku Abuja maiko a mu Africa analonjeza kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, ndipo ife zaka zambiri timaperewera. Onjezani kugwa kwa kwacha, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene mankhwala pafupifupi onse timaitanitsa kunja. Mtengo umene chipatala chinagwirizana ndi boma pa mayi mmodzi wochira umakhala utatha mphamvu inki isanaume.

Kodi kulipiritsa pang'ono kumabweza anthu? Ena m'tauni amatsutsa, amati munthu amene ali ndi foni sangalephere ndalama ya panado. Kafukufuku akuyankha mosiyana. Gerald Manthalu ndi anzake anasanthula zipatala za mishoni m'dziko muno ndipo mu 2016 anafalitsa zoti pamene ma SLA anachotsa malipiro, amayi obwera ku sikelo anachuluka ndi pafupifupi 15 peresenti, ndipo ochirira kuchipatala ndi pafupifupi 11 peresenti. Ku Neno, ofufuza ena anapeza kuti pamene zipatala zina zinayamba kulipiritsa, odwala obwera anatsika ndi 68 peresenti. Matenda sanachepe. Anthu anangotsala kunyumba, kapena anakagula timapilisi pa okala.

Pano pali chinthu chimene chimandiwawa kwambiri. Mu 2007 boma linaletsa azamba kuchiritsa amayi, ndipo mafumu ambiri anakhazikitsa malamulo a m'mudzi oti mayi wochirira kunyumba kapena panjira alipe chindapusa, kwina mbuzi. Cholinga chinali chabwino, ndipo amayi ochirira kuchipatala anachulukadi. Mchinji ndi boma limene linachita zambiri pa nkhaniyi: kuno n'kumene pulojekiti ya MaiMwana inayesa magulu a amayi okambirana za uchembere m'midzi. Koma ganizirani mayi amene wauzidwa kuti akachirira kunyumba alipa kwa amfumu, wapita kukadikirira ku chipatala ndi apongozi ake, nkhuni, ufa ndi kapoto, kenako n'kupeza pepala lija pakhomo. Kunyumba chindapusa, kuchipatala bilu. Chipatala cha boma chili kutali, ndipo wa njinga yamoto usiku sachita chifundo pa mtengo.

Tsidya lina la Mwami

Anthu a ku Mchinji safunika kuuzidwa za Zambia. Ambiri ali ndi abale ku Chipata ndipo amadutsa malire a Mwami ngati akupita kudimba. Kumeneko anasankha njira ina. Mu 2006 anachotsa malipiro m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi, ndipo mu 2018 anakhazikitsa lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse. Bungwe lake la NHIMA linayamba ntchito mu 2019: wolembedwa ntchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake, womulemba n'kuwonjezera 1 peresenti ina. Sizikuyenda mwamyaa. Zipatala ndi mafamase akhala akudandaula kuti bungwelo limachedwa kulipira, ndipo kutolera ndalama kwa alimi ndi ochita malonda a pamsika n'kovuta. Komabe nkhaniyo ili ndi lamulo lake, ili ndi ofesi yake, ndipo zikavuta aphungu ku Lusaka amadziwa woti amuitane adzayankhe.

Kuno maganizo a inshuwalansi ya dziko lonse anakambidwa kwambiri cha m'ma 2015 ndi 2016, pamene boma linkakonza zosintha kayendetsedwe ka ntchito zake. Akatswiri ataunika anaona kuti olembedwa ntchito amene angadulidwe pa malipiro ndi ochepa kwambiri, ndipo ndalama yotolera kwa ena onse ingathere m'kutolera komweko. Ine ndikuona kuti anaunika bwino. Inshuwalansi imene ilipo, monga ya MASM, ndi ya apantchito za m'maofesi, kagulu kochepa zedi. Mlimi wa mtedza amene amaona ndalama kamodzi pa chaka sungamuuze kuti azilipira mwezi ndi mwezi. Zimene zachitika m'malo mwake ndi kukulitsa zipinda zolipira m'zipatala zikuluzikulu monga Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth, nkhani imene imautsa phokoso nthawi zonse chifukwa imakhudza anthu a m'tauni, amene ali pafupi ndi atolankhani.

Funso la a Republican lija, loti ndalama zichokera kuti, ndi lathunso, ndipo kuno ndi lolemera kuposa kwawo. Boma limene likulipira chiwongoladzanja cha ngongole choposa bajeti yonse ya zaumoyo silingalonjeze chilichonse kwa aliyense. Mwina pali zithandizo zina zimene ma SLA sangakwanitse. Mwina zipatala zina zimakweza mabilu, monga a boma ena amanenera, ndipo kuunika n'kofunika. Zonsezi n'zoti anthu akangane poyera, wina apambane, wina agonje. Chimene sindigwirizana nacho n'chakuti chisankho chachikulu chotere chizipangidwa ndi kuchedwa kwa cheke.

Mchinji inaonapo kuti thandizo la osauka likhoza kukhala ndi dzina ndi mwini. Mtukula Pakhomo anayambira m'boma lino mu 2006, chaka chomwecho chimene ma SLA anayamba. Lero ali m'maboma onse, ndipo ndalama zikachedwa mafumu amalankhula, makhansala amalankhula, wailesi za m'madera zimaulutsa. Kusiyana kwake n'kwakuti wolandira Mtukula Pakhomo amadziwa kuti pali chake chimene sichinafike. Mayi wa ku sikelo sadziwa kuti pali amene anayenera kumulipirira. Akapeza kuti akulipiritsa, amakwiyira namwino ndi asisitere, amene ndi okongoza, m'malo mwa wokongola.

Sitikufuna kuti Nyumba ya Malamulo itseke dziko. Zofunika n'zazing'ono kuposa pamenepo. Ndalama za ma SLA zioneke pa mzere wakewake mu bajeti, kuti pamene aphungu akukambirana chaka cha boma chisanayambe pa 1 Epulo, aone ngati zakwera kapena zatsika ndi kuti zochokera m'thumba lathu ndi zingati. Khonsolo iliyonse izimata pa bolodi ngongole imene ili nayo ku chipatala chilichonse cha mishoni, monga amamatira maina a olandira makuponi. Pangano lisaimitsidwe popanda kudziwitsa komiti ya chitukuko ya m'dera ndi mafumu nthawi ikadalipo. Ndipo aphungu a ku Mchinji ali ndi nthawi ya mafunso kwa nduna. Mmodzi wa iwo akhoza kuimirira n'kufunsa nduna ya zaumoyo kuti zipatala za ku Guilleme, Ludzi ndi Kapiri zili ndi mapangano otani chaka chino, mitengo yake inaunikidwa liti komaliza, ndipo bilu yakale kwambiri imene sinalipidwe ndi ya mwezi uti.